Mantha ake ankafanana ndi athu

Foni ya mlongo wanga ndinaipeza mu ndowa ya ufa. Linali Loweruka madzulo, nditangofika kuchokera ku Northcliff kumene ndimagwira ntchito ya m'nyumba ndi kugona komweko masiku asanu pa sabata. Ndinatereka madzi, ndikuti nditape ufa, kapu n'kugunda chinthu cholimba. Foni, yokulungidwa m'majumbo awiri, simukhadi atachotsa.

Nditamufunsa, anayankha monong'ona. "Achemwali, musaiyatse. Akumvera."

Ine ndinamuyankha kuti, "Wachita bwino kusamala." Ndinapukuta ufa pa foni ija, n'kuiika pamwamba pa kabati, n'kupitiriza kuphika. Mawu amenewa ndi amene amandilanda tulo mpaka lero. Dzina lake sinditchula, wandilola kulemba nkhaniyi pokhapokha ndisamutchule.

## Kuno aliyense amayenda chocheuka

Amene muli ku Joni kuno mukudziwa chifukwa chake sindinadabwe. Ndani mwa ife sanasinthepo njira ataona galimoto ya apolisi itaima pakona? Ndani sanasiyepo kulankhula Chichewa mu takisi? Ena tinaona ziwawa zothamangitsa alendo za 2008, ena za 2015, ena za 2019. Masiku amene chidindo cha mu pasipoti chatha, ngakhale kugogoda kwa landilodi kumaimitsa mtima. Ndiye mnyamata wa zaka 23 akamanena kuti pali anthu akumulondola kuchokera ku sitolo ya ku Mayfair kumene ankagwira ntchito mpaka kwathu ku Rosettenville, ukanati chiyani? Ine ndinamuuza kuti azisintha njira. Anzake anamuuza kuti azibwera kusanade.

Zina ndinaziona, koma chilichonse ndinachipezera chifukwa. Anasiya kugona, ndinati ndi maganizo a ndalama. Anasiya kusamba, ndinati ndi kuzizira kwa mu Juni. Munthu amene sankaphonya nkhani za Maule pa Facebook anasiya kufunsa n'komwe kuti achinya zingati. Ankakhala pabedi kuyang'ana khoma, mwina kumwetulira yekha, mwina kugwedeza mutu ngati akukana zimene wina akumuuza. Kenako anamata makatoni pazenera. Ntchito inatha atakana kutumikira kasitomala wina, akuti munthuyo anatumidwa.

Kuchokera tsiku la foni mu ufa mpaka tsiku limene tinafika kuchipatala panadutsa miyezi itatu.

## Aliyense ndi dzina lake la matendawa

Anyamata a pa yadi anati ndi chamba, basi. Amayi ku Balaka analira pa WhatsApp kuti mwana wawo amulodza chifukwa cha malata amene anatumiza ndalama zogulira. Wina mpaka ananong'oneza kuti mwina anakhwimira bizinesi ndiye zizimba zamubwerera. Abusa athu anabwera ndi amayi atatu a mumpingo, tinapemphera mpaka pakati pa usiku, iye ali pakona atatseka makutu.

Amalume, monga eni mbumba, anadula mlandu. "Mukwezeni basi abwere kuno. Zimenezi si za kuchipatala cha azungu."

Ndinatsala pang'ono kumvera. Ndalama ya tikiti ndinali nditayamba kale kusonkhetsa. Lero ndikaganiza ndimachita nthumanzi. Munthu wokhulupirira ndi mtima wonse kuti akusakidwa, umukweze basi ku Park Station, adutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka Mwanza, masiku awiri kapena kuposa, pa chipata chilichonse pali anthu a yunifolomu akumuyang'ana kumaso ndi kumufunsa mafunso. Akanatsika pati? Tikanakamufuna kutchire liti?

## Usiku wa kuchimbudzi

Linali Lachisanu. Mnzake wogona naye chipinda anandiimbira kuti wadzitsekera m'chimbudzi cha panja kuyambira masana, ndipo anthu a pa yadi ayamba kukalipa. Ndinapempha abwana, ndinafika cha m'ma 9 koloko usiku. Anali atatha masiku atatu osagona ngakhale pang'ono.

Ndinachita zimene mchemwali aliyense akanachita. Ndinamenya chitseko. Ndinakuwa kuti palibe munthu aliyense pano, ukutichititsa manyazi, landilodi atithamangitsa. Ndikamakweza mawu, iye ankangokankhira chitseko mwamphamvu kuchokera mkati.

Pa yadi pathu pali mayi wina wachikulire wa ku Ntcheu amene wagwira ntchito zaka zambiri yosamalira okalamba. Anatuluka atafunda bulangete, nandigwira paphewa. "Mwana wanga, sumupambana. Kwa iyeyo zimene akumvazo n'zoona ngati mmene ukundimvera inemu. Khala pansi. Uzimufunsa, usamamuuze." Anabalalitsa anthu onse, nazimitsa wailesi imene inkalira m'chipinda china.

Ndinakhala pa simenti yozizira ija, msana nditatsamira chitseko. Panapita nthawi tonse tili chete. Kenako ndinati, "Achimwene, ndine. Ndili ndekha. Akukuuza chiyani?"

"Akuti ndikatuluka mufa ndinu."

Miyezi itatu yonseyo ndinkaganiza kuti akudzibisa yekha. Kani ankateteza ine.

"Ndani akunena zimenezo?"

"Apolisi aja. Ali awiri. Wina amangofotokoza zonse zimene ndikuchita. Akuti taonani wakhala pansi, taonani akulira."

"Akulankhula chilankhulo chanji?"

"Chichewa."

Pamenepo m'pamene china chake chinaduka mumtima mwanga. Apolisi a ku South Africa, m'khoma la chimbudzi ku Rosettenville, kulankhula Chichewa cha ku Balaka. Mantha ake ankafanana ndi athu, ankavala zovala zofanana ndi athu, koma sanali athu. Athu amatha galimoto ija ikadutsa. Ake analibe potha, chifukwa ankachokera mkati mwa mutu wake.

Sindinamuuze kuti akunama, komanso sindinamuuze kuti nanenso ndikuwamva. Ndinati, "Ine sindikuwamva. Koma ndikumva kuti iwe watopa. Masiku atatu osagona, ngakhale ng'ombe ingagwe. Tiye kuchipatala akakupatse mankhwala ugone. Ndikhala pambali pako." Ndinabwereza mawu omwewa kambirimbiri, mwina ka 20. Anatsegula kukuyamba kucha, milomo itauma, akunjenjemera.

## Maola 72

Kuchipatala cha boma tinadikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pa benchi, iye atandigwira dzanja ngati mwana. Ndinkaopa kuti atibweza chifukwa cha mapepala. Chimene ndinadziwa pambuyo pake n'chakuti malamulo oyendetsera dziko lino, pa gawo 27, amati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo pamene moyo uli pangozi yadzidzidzi. Palembedwa munthu aliyense, osati nzika yokha. Sindikunena kuti pakhomo lililonse adzakulandirani ndi manja awiri, tonse tikudziwa zimene zimachitika pa zipata zina. Koma ndi bwino kulowa ukudziwa chimene chinalembedwa.

Atafika pamaso pa adokotala anasintha maganizo, anafuna kuthawa. Apa m'pamene anandipatsa fomu, imene amaitchula kuti Form 04. Lamulo la matenda a maganizo la dziko lino, Mental Health Care Act ya 2002, limalola wachibale wamkulu amene wamuona wodwalayo m'masiku 7 apitawo kupempha kuti agonekedwe ngakhale iye akukana, ngati matendawo amulanda nzeru zoti n'kudzisankhira ndipo angadzivulaze kapena kuvulaza ena. Ogwira ntchito zachipatala awiri amamuyeza payekhapayekha, kenako amamusunga maola 72 akumuona. Lamulo lomwelo limati apolisi akapeza munthu wotere azimutengera kuchipatala.

Kusaina fomu imene ija kunandiwawa kuposa kubereka. Iye ankandiyang'ana ngati ndamugulitsa.

Adokotala anali mtsikana, mwina wamng'ono kwa ine. Ndinamufunsa molunjika ngati mlongo wanga wapenga. Anati dzina limene iwo amagwiritsa ntchito ndi psychosis, ndipo anandifotokozera mwa njira imene sindidzaiwala. Anati psychosis ili ngati kutentha thupi. Mwana akatentha thupi sunadziwebe chimene akudwala, akhoza kukhala malungo, chibayo, kapena khutu. Chimodzimodzi munthu akamamva mawu amene ena sakumva, akamakhulupirira zinthu zosatheka mosagwedezeka ngakhale umuonetse umboni, kapena nkhani zake zikamangodumphadumpha osalumikizana, ndiye kuti ubongo wasiya kusiyanitsa za mkati ndi za kunja. Ntchito yawo ndi kufufuza chimene chayambitsa.

N'chifukwa chake anamutenga magazi ndi mkodzo, zimene poyamba ndinaona ngati kutaya nthawi. Kani HIV ikhoza kufika ku ubongo, chindoko chokhalitsa chimodzimodzi, matenda oumitsa khosi, khunyu, chotupa m'mutu, ngakhale mankhwala ena, monga efavirenz amene anthu ambiri ankamwa m'ma ARV. Chidakwa chikasiya mowa mwadzidzidzi chikhoza kuona zinthu. Mayi amene wangobereka kumene zikhoza kumugwera m'masabata oyamba, ndipo imeneyo ndi ngozi yofunika kuthamanga nayo tsiku lomwelo. Pali mankhwala ozunguza bongo ngati tik amene adzaza m'misewu ya kuno. Ndiye palinso matenda a maganizo enieniwo, schizophrenia, bipolar, ndi kukhumudwa kozama kwambiri.

Za chamba ndinafunsa mwamanyazi, chifukwa ankasutadi kuyambira ali ku sekondale, ndipo kuno chiyambire chigamulo cha khoti lalikulu mu 2018 chololeza akuluakulu kusuta chamba m'nyumba zawo, anyamata amasuta ngati fodya wamba. Adokotala anati chamba chimatha kudzutsa psychosis, makamaka champhamvu, chosutidwa tsiku ndi tsiku, munthu atayamba ali wamng'ono. Ndinati nanga anzake atatu a pa yadi amene amasuta kuposa iye bwanji ali bwinobwino? Anati mvula imagwa pa madenga onse, koma limadontha ndi limene linali kale ndi kachiboo. Ena amabadwa nacho chiopsezocho m'magazi, ndipo kusowa tulo, nkhawa ndi moyo wa kuchilendo zimawonjezera. Mpamene ndinakumbukira mchimwene wa agogo athu amene ankakhala m'kanyumba kayekha kuseri, amene ife ana tinkaletsedwa kumuyandikira.

Dzina loti schizophrenia sanathamangire kulitchula. Anati amadikira miyezi, aone ngati zizindikiro zitha chamba chikachoka m'thupi. Anandiuza kuti bungwe la WHO limati matendawa amagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 300 padziko lonse, ndipo mwa anyamata amakonda kuyamba zaka za m'ma 20 zisanafike kapena zitangoyamba.

## Krugersdorp

Maola 72 atatha anandiuza kuti ngati sasintha angamutumize ku Krugersdorp. Miyendo inandizizira. Kwa Mmalawi wa ku Joni, Krugersdorp ndi Lindela, kumene amasunga anthu odikira kubwezedwa kwawo. Anesi anaona nkhope yanga naseka, nati akunena Sterkfontein, chipatala chachikulu cha matenda a maganizo chimene chili m'tauni yomweyo. China chotere ndi Tara, kufupi ndi Sandton.

Ngakhale atandimasulira, mtima sunakhale pansi. Ndinali kuno mu 2016 pamene odwala matenda a maganizo a m'zipatala za Life Esidimeni anasamutsidwira m'malo osayenera, anthu 144 n'kumwalira. Ndinalumbira kuti kulikonse kumene angamuike, azindiona nkhope sabata iliyonse mpaka atope nane. Mwamwayi sanasamutsidwe. Anakhala mu wodi ya pa chipatala chomwecho masabata atatu.

## Mankhwala si madzi a moyo

Anamuyamba ndi haloperidol. Tsiku lachitatu ndinamupeza khosi litapindikira kumbali, maso atatembenukira kumwamba, lilime litauma. Ndinakuwa. Mumtima ndinati amayi ankanena zoona, chiwanda chija chadzionetsa. Anesi anabwera mosathamanga n'komwe, namubaya jakisoni, ndipo pasanathe theka la ola khosi linawongoka. Ndi vuto lodziwika la mankhwala amenewa, makamaka mwa anyamata, ndipo lili ndi mankhwala ake. Ndimaganiza za mabanja angati amene amaona zimenezi ali kunyumba, popanda wowafotokozera, n'kutaya mapiritsi onse m'chimbudzi tsiku lomwelo.

Anamusinthira ku risperidone. Mmene ndinamvera, mankhwala onsewa amachepetsa mphamvu ya dopamine, kamadzi kena ka mu ubongo kamene ntchito yake ina ndi kukuuza kuti ichi n'chofunika, tcheru. Kakachuluka mphamvu, ubongo umadinda chidindo choti "izi zikukhudza iwe" pa chilichonse. Galimoto yoyera yaima, yaimira iwe. Munthu watsokomola mu takisi, akupereka chizindikiro. Wowerenga nkhani pa TV wakuyang'ana. Munthu amayamba kufunafuna nkhani yolumikiza zonsezi, ndipo amaitenga pa zimene amaopa kale. Kumudzi akanati ndi afiti. Iye, ku Joni, anati ndi apolisi.

Tulo linabwera msanga, m'masiku ochepa. Mawu aja sanachoke tsiku limodzi. Anati poyamba anali ngati munthu ali m'chipinda momwemo, kenako ngati wailesi ya kwa aneba, kenako ankabwera madzulo okha akatopa. Zinatenga masabata oposa anayi. Chikhulupiriro choti akusakidwa chinachedwa kuposa pamenepo. Sanadzuke tsiku lina n'kunena kuti ndinalakwitsa. Anangosiya pang'onopang'ono kuzikamba.

Mtengo wake ulipo, tisanamizane. Ananenepa, mathalauza onse anamuthina. Ankagona mpaka dzuwa kukwera. Nkhope inakhala ngati ya munthu amene sakukondwa komanso sakudandaula. Anesi a ku kiliniki amamuyeza sikelo ndi shuga nthawi ndi nthawi chifukwa cha zomwezi. Komabe ndikamva kuti mankhwala oyamba a mtunduwu, chlorpromazine, anayamba kugwiritsidwa ntchito ku Paris mu 1952, ndimawerengera zaka za agogo aja a m'kanyumba ka kuseri. Mankhwala analipo kale padziko iwo akumangidwa ndi chingwe pa mtengo wa mango. Sanafike kwathu basi.

## Anasiya, zinabwerera

Adokotala ananena momveka kuti ngakhale achire, apitirize kumwa kosachepera chaka, ndipo kusiya kukhale kogwirizana ndi iwo, pang'onopang'ono. Patatha miyezi inayi anapeza ganyu yotsuka magalimoto ku Turffontein, anayamba kuseka, anayambanso kukangana za mpira. Ndiye anaona kuti wachira. Kumudzi nako mawu ankabwera akuti mwana asazolowere mapiritsi, mapemphero agwira kale ntchito. Anasiya osandiuza.

Masabata asanu ndi limodzi. Choyamba kuthawa linali tulo. Kenako ndinapeza katoni pazenera.

Ulendo uno sindinadikire miyezi itatu. Lolemba m'mawa tinali pa mzere ku kiliniki. Anagwirizana ndi anesi kuti m'malo mwa mapiritsi a tsiku ndi tsiku azibayidwa jakisoni kamodzi pa mwezi, amene amasungunuka pang'onopang'ono m'thupi. Anasankha yekha, ndipo ndikuona kuti zimenezi zinathandiza, chifukwa ine ndinasiya kukhala wapolisi wowerenga mapiritsi. Anesiwo anandiuzanso kuti mankhwala awiri akakanika pali ena otchedwa clozapine, amene amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi. Sitinafikeko. Chamba anasiya, osati tsiku limodzi, ndipo anayenera kusiya ndi anzake ena omwe.

Ndi amayi tinakangana kwambiri, koyamba m'moyo wanga kuwayankha mokweza. Ine sindinasiye kupemphera, ndipo Lamulungu timapita limodzi kutchalitchi. Amene akufuna kumupempherera abwere, ndiwaphikira tiyi. Koma aliyense wonena kuti asiye jakisoni, asale kudya masiku atatu, kapena amangidwe kuti chiwanda chituluke, pakhomo panga salowa, kaya ndi m'busa kaya ndi amalume. Amalume anakhala miyezi iwiri osandiyankha foni. Tsiku lina anaimba okha, nati, "Mwana wa achemwali anga ali bwanji?" Ndinawapatsa foni alankhulane. Anakamba za mitengo ya feteleza kwa theka la ola.

Akufuna kukaona amayi pa Khirisimasi. Takonza kuti anyamule kalata ya ku kiliniki yolembedwa dzina la jakisoni ndi tsiku lobayitsa, kuti akachedwa kubwerera akaionetse ku chipatala cha boma kwathu. Tili ana, mawu oti "akutengera ku Zomba" anali chitonzo choseketsa pa bwalo la sukulu. Lero ndikudziwa kuti Zomba Mental Hospital, Bwaila ku Lilongwe ndi St John of God ku Mzuzu ndi malo amene mchemwali wina ngati ine wakhala pa benchi atagwira dzanja la mlongo wake. Nthabwala ija sindiisekanso.

## Mwamva?

Pali chizolowezi chimene tayamba, sitinachite kupangana. Akamva chinthu chimene sakuchikhulupirira, amandifunsa. Poyamba ankachita manyazi, tsopano amangofunsa ngati akufunsa nthawi. Kawiri kapena katatu ndamuyankha kuti ayi, sindinamve, ndipo tikatero timayang'ana kuti wagona bwanji sabata imeneyo, ndi kuti tsiku la jakisoni latsala patali bwanji.

Loweruka lapitali tinali kudya nsima ya usipa umene wina anabwera nawo kuchokera kumudzi. Panja panamveka galimoto kuima, zitseko kumenyedwa, anthu kulankhula mokweza pa geti. Anasiya mbamu m'manja, nandiyang'ana.

"Achemwali, mwamva?"

"Ndamva. Ndi apolisi enieni amenewo."

"Oho," anatero. Anapita kukatenga pasipoti yake pansi pa matiresi, naiika m'thumba la malaya, nabwerera kudzamaliza nsima yake.